Yankho kwa azakhali pa nkhani ya matabwa a chitseko

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamvetsera uthenga wanu uja, ndipo ndaona zithunzi zimene mwatumiza pagulu la banja lino. Mwafunsa ngati matabwa amene akuonetsani kumsika, oti akukhomereni chitseko chakumaso ndi tebulo la pabalaza, alidi a mlombwa monga akunenera wogulitsayo. Chithunzi sichingatithandize pa nkhani imeneyi, chifukwa mtundu wa pamwamba pa thabwa ndiwo umanamiza anthu kwambiri, makamaka masiku ano pamene malaina kapena bulugamu amapakidwa mankhwala ofiiritsa mpaka kufanana ndi mtengo wodula.

Mukapitanso, mukapemphe kuti akuchekereni kachidutswa kumapeto kwa thabwa limodzi inu mukuona, ndipo thabwalo mukasankhe nokha pakati pa mulu. Mankhwala opaka salowa patali, choncho ngati pochekapo ponse payera pamene kunja kuli kofiirira, musalimbane nawo, ingobwererani. Mlombwa weniweni umakhala ndi mtundu wake mpaka m'kati, wofiirira mosakanikira ndi chikasu, wokhala ndi mizere yoderapo, ndipo ukangochekedwa umatulutsa kafungo kabwino kosalasa mphuno. Mbawa ikachekedwa kumene imaoneka yofiira motuwira, kenako imadera ikakhalitsa, ndipo mitsempha yake imayenda mopingasana, n'chifukwa chake imakonda kunyotsoka pansi pa pulena yobuntha. Malaina ndi woyera komanso wopepuka m'manja, pomwe bulugamu mumamudziwa ndi ming'alu ya kumapeto.

Pochekapo m'pamene mungamvetsenso mmene mtengo unapangidwira. Thunthu lili ngati mtolo wa timabango ting'onoting'ono tomangidwa pamodzi, toyenda kuchokera kumizu kukwera kunthambi, mmene mumadutsa madzi mtengo ukadali wamoyo. Mukasalaza pochekapo ndi mpeni wakuthwa n'kunyowetsa pang'ono, pa mlombwa ndi mbawa mudzaona timabowo tonga tobooledwa ndi singano. Paini wa ku Chikangawa kapena ku Dedza alibe timabowo totere; iye ali ndi mizere yozungulira yooneka bwino, mfundo zambiri ndiponso fungo la utomoni.

Chimene ndikufuna mukachiyang'anitsitse ndi kusiyana kwa mtima wa mtengo ndi mbali yoyera ya kufupi ndi khungwa. Mbiri yonse ya mlombwa, yoti chiswe sichiukonda ndipo suola msanga, ndi ya mtimawo basi. Mbali yoyerayo imasunga chakudya cha mtengo, ndipo tizilombo tofumbula matabwa timayambira kumeneko, mpaka mumangoona kaufa kakugwa pansi pa tebulo. Ocheka ambiri amaisiya dala kuti thabwa lioneke lalikulu. Pa tebulo la m'nyumba mzere woyera waung'ono ukhoza kulekereredwa ngati waikidwa kunsi, koma pa chitseko chimene chizikumana ndi mvula ndi dzuwa, ine sindingavomere ngakhale pang'ono.

Ngakhale atakhala mlombwa weniweni, funso la kuuma likadalipo, ndipo zitseko zambiri zimaonongekera pamenepa. Thabwa likamauma silifupika kwenikweni m'litali, koma limachepa m'lifupi, kotero kuti chitseko chokhomedwa ndi matabwa aawisi mu February chimadzakhala ndi mipata yolowa kuwala pofika October. Thabwa lochekedwa m'mbali mwa chipika limachepa pafupifupi kawiri kuposa lochekedwa molunjika pakati, ndipo ndilo limapindika ngati lichero. Mlombwa umatamandidwa chifukwa umachepa pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mitengo ina, komabe uyenera kuuma kufikira chinyontho chitatsika pa 12 mpaka 15 pa 100 alionse. Popanda kachipangizo koyezera, gwirani pochekapo: thabwa laliwisi limazizira ndiponso limalemera mopitirira, utuchi wake umamatana mukaufinya, ndipo mukaligogoda limalira mogonthera. Ngati angakhale aawisi koma abwino, agulenibe, mukawasanje pamthunzi podutsa mphepo, osagunda pansi, mutaika timitengo tofanana kukula pakati pa thabwa ndi linzake, ndipo muwasiye miyezi ingapo ya chilimwe. Kuwayanika padzuwa monga chimanga kumangowang'alula.

Kulemera pakokha kusakukopeni. Phingo ndi tsanya zimalemera mpaka kumira m'madzi, koma chitseko cha mtengo wotere chingazule mahinjesi, ndipo msomali sulowa popanda kuyamba mwaboola. Mlombwa uli pakatikati, wolemera kuposa paini koma womvera zida.

Mukafunsenso pepala losonyeza kumene matabwawo achokera, pakuti lamulo la nkhalango la 1997 limafuna chilolezo pa malonda a mitengo yachilengedwe, ndipo opanda pepala akhoza kulandidwa panjira, ndalama zanu n'kupita pachabe. Akakuuzani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje, umenewo ndiye muukane ndithu, chifukwa m'phirimo watsala pang'ono kutheratu.

Ngati ndalama zingavute, maganizo anga ndi akuti mlombwa upite kuchitseko, tebulo likhale la malaina wouma bwino, chifukwa nayenso sapindika wamba. Kachidutswa kaja mundisungire, azakhali. Loweruka ndibwera ndi pulena yanga kuti ndidzakapale tonse tikuona, musanapereke ndalama iliyonse.