Zala zikamamasula nsinga zokha: yankho kwa woponya mivi wa ku Chelstone

Wowerenga wina wa ku Chelstone watumiza imelo. Akuti wakhala akuponya mivi ndi uta wa recurve (uta umene nsonga zake zimapindikira kutsogolo) kwa zaka ziwiri, ma-limb ake (mbali ziwiri zopindika za uta) ndi olemera mapaundi 36 pokoka, sight (kachipangizo kolunjikira) ali nayo koma clicker (kachitsulo kolira kodziwitsa nthawi yomasula nsinga) alibe. Miyezi yapitayi zinthu zasokonekera. Akangoona chikasu cha pakati pa chandamale, zala zimamasuka zokha nsinga isanafike n'komwe pachibwano. Masiku ena sight imauma mmunsi mwa chikasucho, mkono n'kukana kukwera ngati aumangirira mwala. Koma akamalasa thumba lopanda pepala la chandamale, zonse zimayenda bwinobwino. Akufunsa ngati agule clicker, kapena angopumira kaye miyezi ingapo.

Achimwene, vuto lanuli oponya mivi amalitcha target panic, kutanthauza mantha a chandamale, ndipo limagwira ngakhale akatswiri. Dzinalo lisakunamizeni kuti ndinu wamantha. Chachitika n'chakuti thupi lanu laphunzira chinthu cholakwika, ndipo lachiphunzira bwino kwambiri. Mwaponya mivi masauzande, ndipo ulendo uliwonse diso linkaona chikasu, kenako zala n'kumasula. Ubongo ukaona zinthu ziwiri zikutsatizana kawirikawiri umazilumikiza n'kudula njira, moti tsopano kuona chikasu kwasanduka lamulo lomasula, inu musanavomereze. Komanso thupi limadziwa kuti uta ugwedeza nsinga ikachoka, ndiye limakonzekeratu, monga mmene munthu amaphethirira mnzake akangokweza manja kuti aombe pafupi ndi nkhope yake. Kuuma mmunsi mwa chikasu ndi vuto lomwelo: mkono ukukana kufika pamalo pomwe ukudziwa kuti muvi uchoka musanakonzeke.

N'chifukwa chake kupuma sikuchiza. Mukabwerera patatha miyezi itatu, tsiku loyamba mwina mudzaponya bwino, koma chizolowezicho mudzachipeza chikukudikirani. Chofunika ndi kulekanitsa zinthu ziwirizi, kulunjika pachandamale ndi kumasula nsinga, kuziphunzira chilichonse pachokha, kenako n'kuzilumikizanso pang'onopang'ono.

Yambani ndi kulemera kwa uta. Nambala yolembedwa pa limb amaiyeza pokoka mainchesi 28, ndipo inchesi iliyonse yoposa pamenepo imawonjezera pafupifupi mapaundi 2. Ngati mikono yanu ndi yaitali, mwina mukugwira mapaundi 40 pazala. Dziyeseni motere: ikani muvi, kokani mpaka pachibwano, gwirani masekondi 15 osanjenjemera, bwezani nsinga mofatsa, ndipo chitani zimenezi kasanu. Mukalephera, utawo ndi wolemera pa ntchito imene tikuyambayi. Bwerekani ma-limb a mapaundi 20 mpaka 24 kwa anzanu a kukalabu. Kumasula mabawuti a ma-limb kumachotsa pang'ono chabe, ndipo musapyole malire amene opanga utawo analemba, chifukwa limb ikhoza kuchoka m'malo mwake mukukoka. Pa uta wopepuka mivi yanu idzakhala youma kwambiri, yosapindika mokwanira pochoka, ndipo ngati mumakoka ndi dzanja lamanja izikagwa chakumanzere. Zisiyeni choncho. Panopa sitikufuna mapointi.

Kenako pitani pa thumba lopanda pepala, pa mamita 3 mpaka 5. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 lothithikiza nsanza, maneti akale a udzudzu ndi mapulasitiki limaimitsa muvi wa uta wopepuka, bola mwalipondereza zolimba ndipo mwachotsa mazipi ndi mabatani pa nsanzazo. Liikeni molingana ndi phewa lanu. Likakhala pansi mudzazolowera kuwerama ndipo phewa lakutsogolo lidzasokonezeka. Pano ndinenetse: mapuloti ambiri muno mu Lusaka ndi ang'onoang'ono, ndipo kuseri kwa mpanda kuli ana a eni ake. Kumbuyo kwa thumba kukhale khoma la njerwa lalitali, pasakhale khomo kapena zenera pafupi, ndipo musakoke nsinga uta utaloza kumwamba. Munthu amene zala zake zikumasuka zokha sayenera kukhulupirira mpanda wa malata kapena wa maluwa.

Chotsani sight. Ponyani mivi 30 mpaka 40 patsiku, masiku anayi kapena asanu pasabata, kwa masabata awiri kapena atatu. Muvi uliwonse utsate ndondomeko imodzi, ndipo muziitchula mumtima: mapazi, zala pansinga, dzanja pachigwiriro, kukweza, kukoka, chibwano, msana, kumasula, kukhalabe chiimire. Nsinga ilowe mu mfundo yoyamba ya zala. Ambiri vuto likawagwira amayamba kuigwira ndi nsonga za zala poganiza kuti ichoka mosavuta, koma zimenezo zimaumitsa dzanja lonse ndipo nsinga imapulumuka msanga. Dzanja likakhazikika pansi pa nsagwada, nsinga itakhudza chibwano ndi nsonga ya mphuno, sunthirani kulemerako ku minofu ya kumsana, chigongono chizipita mozungulira chakumbuyo. Kumasula kwabwino kumachitika mukangoleka kugwira pamene msana ukukokabe, ndipo dzanja limatsetsereka lokha m'mbali mwa khosi. Likathawira kunja kwa nkhope kapena kutsatira nsinga kutsogolo, ndiye kuti munasiya kukoka musanamasule. Uzani mnzanu akujambuleni vidiyo ndi foni kuchokera m'mbali, muyang'ane nsonga ya muvi. Ngati ikubwerera kutsogolo kamphindi musanamasule, vuto lili pamenepo.

Thumba lopanda pepala limanamiza, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera. Mwanena nokha kuti pathumba mumaponya bwino. Zili choncho chifukwa palibe chikasu, ndiye chimene chimakuputani palibe. Mukhoza kukhala pamenepo chaka chathunthu, tsiku lomata pepala vuto n'kubwerera pa muvi wachitatu. Ntchito ya thumba ndi kukonza kaimidwe ndi kamasulidwe basi. Mabowo a mivi nawonso amasanduka chandamale diso likawazolowera, choncho muziphimba ndi katoni yatsopano.

Mankhwala enieni ndi kulunjika osaponya. Bwezerani sight, matani pepala lalikulu la masentimita 122, lija amaponyera pa mamita 70 ku Olympics, koma inu imani pa mamita 5. Chikasu chake ndi masentimita 24.4 mulifupi, moti pafupi chonchi chimaoneka ngati mbale ya nsima. Ikani muvi pansinga nthawi zonse, chifukwa nsinga ikapulumuka popanda muvi ma-limb akhoza kusweka. Kokani, khazikikani pachibwano, ikani sight m'chikasu, werengani mpaka 5, kenako bwezani nsinga mofatsa. Chitani ka 20 patsiku, sabata yonse, osaponya ngakhale muvi umodzi. Masiku oyamba mtima udzagunda, zala zidzayabwa, ndipo mivi ina idzachoka yokha. Musadzikwiyire, pumani mphindi imodzi n'kuyambanso. Mukuphunzitsa ubongo kuti sight ikhoza kukhala m'chikasu popanda chochitika.

Za kuuma mmunsi zija, sinthani kalowedwe. Musamakwere kuchokera pansi nsinga mutaikoka kale, chifukwa phewa lolemedwa silikweza mkono mosavuta. Kwezani uta sight ili pamwamba pang'ono pa chikasu musanakoke, kuti pofika pachibwano ikhale yatsikira mkati. Onjezaninso masewera awa: mutakoka, yendetsani sight kuchoka pofiira kumanzere, kudutsa m'chikasu, kufika pofiira kumanja, kubwerera, kuima pakati masekondi 2, n'kubweza nsinga.

Ndipo lekani kufuna kuti sight iime nji. Palibe munthu amene amaiimitsa, ngakhale akatswiri a ku South Korea. Imayendayenda pang'ono, ndipo diso likakhala pakati, thupi limaibwezera lokha. Kudikira kamphindi koti ifike pakatikati kenako n'kumasula mwachangu ndi kumene kumabala target panic.

Sabata yotsatira yambani kusakaniza: katatu kubweza, kamodzi kuponya. Zimathandiza kwambiri pakakhala mnzanu kumbuyo amene, inu mutagwira masekondi 3, azinena "ponyani" kapena "bwezani" mosatsata dongosolo lililonse. Thupi silingakonzekeretu chimene silikuchidziwa. Mukamatha mivi 30 popanda ngakhale umodzi wochoka wokha, masiku atatu otsatizana, bwererani m'mbuyo kufika mamita 8, kenako 10, 15, 18. Pepala laling'ono la masentimita 40 libwere pomaliza penipeni, ndipo nalonso muyambire pafupi. Muvi ukangochoka musanalamule, imani pomwepo, ponyani isanu pathumba, mubwerere pa mtunda wam'mbuyo. Lamuloli ndi lowawa koma musalinyengerere, pakuti muvi uliwonse wothawa umalimbitsa chizolowezi chakale. M'kabuku muzilemba chiwerengero cha mivi imene mwaiponya mwa kufuna kwanu. Muvi wothawa wolasa mapointi 10 muuwerenge wolephera.

Tsopano za clicker. Inde mudzaifuna, pafupifupi aliyense wopikisana pa recurve amaigwiritsa ntchito, koma musaiike lero. Clicker ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamagona pa muvi n'kulira nsonga ikakadutsa. Imathandiza chifukwa chizindikiro chomasulira chimachoka pa diso. Koma mukaiika zala zikadali zosamvera, mudzangosamutsa vutolo: muzidzadzidzimuka ndi kulira kwake, ngakhale kwa clicker ya mnzanu woima pambali panu. Dikirani mpaka mutafika mamita 18 bwinobwino ndipo kakokedwe kanu kakufika pamalo amodzi nthawi zonse. Mivi yonse ikhale yofanana kutalika. Mnzanu aiike moti mukakhazikika pachibwano pazitsala mamilimita 2 kapena 3 a nsonga. Pakatsala ambiri mudzatopa n'kuyamba kukoka ndi mkono kapena kupendeketsa mutu. Pakatsala ochepa izilira musanakhazikike. Kuyambira tsiku loyamba, pa mivi inayi iliyonse umodzi muzilola clicker ilire, mupitirize kukoka masekondi 2, n'kubweza osaponya. Pobwezapo samalani, nsonga ya muvi ikhoza kugunda kachitsuloko muvi n'kuchoka pansinga.

Nyengo yathu muiganizirenso. Mphepo ya mu August ndi September imagwedeza mkono wa uta, ndipo munthu amayamba kuthamangira kumasula sight ikamadutsa pakati. Masewerawa muzichitira pamalo otchingika kapena m'mamawa mphepo isanadzuke. M'mawa wa June ndi July tenthetsani mapewa ndi labala ya chubu cha njinga, kukoka ka 15 mbali iliyonse, musanagwire uta. Mu October musasiye uta m'galimoto yotseka, kutentha kumafewetsa guluu wa ma-limb ndipo akhoza kupindika.

Pobwerera ku mapaundi 36 muzikwera ndi mapaundi 2 mpaka 4 nthawi imodzi, ndipo ulendo uliwonse muyambirenso pa mamita 5 kwa masiku awiri. Ntchito yonseyi muipatse miyezi iwiri kapena itatu, ndipo m'nthawi imeneyo mipikisano ndi zobetcherana ndi anzanu zikhale kaye pambali. Pa mpikisano woyamba vutoli lidzayesa kubwerera, makamaka pa mivi yoyambirira. Malamulo a World Archery, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, saletsa kubweza nsinga n'kukokanso, bola nthawi yanu isathe. Mukamva zala zikuyabwa kapena sight ikuuma, bwezani, tsitsani uta, pumani mpweya kawiri, muyambirenso pa mapazi.