Funsani Tikuyankheni: Ndilibe mapepala, kodi malipiro anga apita?

FUNSO

Akonzi, ndine bambo wa ana atatu, kwathu ndi ku Machinga. Panopa ndili ku De Doorns, ku Western Cape, komwe ndikuthyola mphesa kuyambira Januwale. Amene anatilemba ntchito si mwini famu ayi, ndi mkulu wina amene amatitenga pa lole m'mawa uliwonse. Timayamba 6 koloko, kuweruka dzuwa litalowa. Amatipatsa R180 pa tsiku, n'kudulapo ya ovolosi ndi ya pogona, chonsecho timagona anthu 8 m'kontena imodzi. Masabata awiri apitawa sanatilipire. Titafunsa anati, "Mulibe mapepala inu, mukadandaula kuti?" Pasipoti yanganso anasunga ndi iyeyo. Kodi ndingosiya?

Wodandaula, De Doorns

YANKHO

Achimwene, musasiye. Mkuluyo akukuopsezani dala, chifukwa akudziwa kuti munthu wamantha safunsa zake.

Tiyambe ndi ndalama. Pa 1 Malichi 2025, boma la South Africa linaika malipiro otsikitsitsa pa R28.79 pa ola, ndipo amawakweza pafupifupi chaka chilichonse. Kale ogwira ntchito m'mafamu ankalandira yochepa kuposa anzawo, koma kuyambira 2021 mlingo ndi umodzi. Ndiye tawerengani nokha: pa mlingo wa 2025 uja, maola 9 okha ndi R259. Inu mukupitirira maola amenewo n'kulandira R180. Sabata ya ntchito ndi maola 45, opitirira apo ndi ovataimu, ndipo ola la ovataimu limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka. Ngakhale atamakulipirani powerenga makireti amene mwadzaza, ndalamayo ikagawidwa pa maola siyenera kutsika kuposa mlingo wa boma.

Za ovolosizo, palibe zoti mudulidwe. Zovala ndi zida zogwirira ntchito ndi udindo wa wolemba ntchito. Ya pogona angathe kudula, koma osapitirira 10 peresenti ya malipiro anu, komanso pokhapokha nyumbayo ili ndi denga losadontha, mawindo agalasi, madzi abwino ndi chimbudzi. Kontena yothithikana anthu 8, ine ndikukaika ngati ingapambane mayeso amenewo.

Tsopano nkhani ya mapepala, yomwe ndi ndodo imene akukumenyerani. Mu 2008, khoti la za ntchito ku South Africa, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chatha amakhalabe wantchito pamaso pa malamulo a ntchito. Thukuta lanu lili ndi mtengo, kaya muli ndi pemiti kaya mulibe. CCMA ndi bungwe loweruza mikangano ya mabwana ndi antchito, sililipiritsa, ndipo kuyambira 2019 limamvanso madandaulo a malipiro osaperekedwa. Akakuchotsani ntchito chifukwa chofunsa, muli ndi masiku 30 okha oti mukasume. Dziwaninso kuti mwini famu sangasambe m'manja n'kunena kuti sakukudziwani. Munthu wopezera mafamu antchito akaphwanya malamulo a malipiro, mlanduwo umagwera onse awiri. Mukamalemba fomu ya madandaulo, lembanipo mayina onse awiri.

Koma sindikunamizani kuti njirayi ilibe minga. Mmalawi amalowa m'dzikomo popanda viza kwa masiku 30, ngati mlendo wodzacheza, osati wodzagwira ntchito. Kupambana ku CCMA sikukupatsani pemiti, ndipo a Home Affairs akhoza kukubwezani kumudzi ndithu. Wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zaka 5. N'chifukwa chake ine sindingakutumeni nokhanokha. Yambani mwaonana ndi bungwe la antchito a m'mafamu la CSAAWU, lomwe ndi lodziwika m'dera la Robertson, kapena la Women on Farms Project ku Stellenbosch ngati pagulu panu pali amayi. Mupite nonse 8. De Doorns yomwe mukukhalayo ndi kumene kunayambira sitiraka ya 2012, antchito atakana R69 pa tsiku, mpaka boma linakweza kufika R105 mu 2013.

Chimene ndimadandaula nacho kwa abale athu ambiri n'chakuti amapita kukasuma chimanjamanja. Gulani kope lero. Tsiku lililonse lembani nthawi yokwera lole, yoweruka, dzina la famu, nambala ya loleyo ndi ndalama imene mwalandira. Jambulani pa foni konteniyo, mkati ndi kunja, ndipo mauthenga a WhatsApp a mkuluyo musafufute. Malangizo omwewa muwauzenso azichemwali athu amene amayala mabedi m'nyumba zogona alendo ku Cape Town nyengo ya Disembala: ndalama imene mlendo wakupatsa pothokoza siilowa m'malo mwa malipiro.

Pasipoti ija ndi katundu wa boma la Malawi, palibe kapitawo amene ali ndi mphamvu yoisunga. Muitanitseni pamaso pa mboni ziwiri. Akakana, dziwitsani ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg, ndipo mufulumire, chifukwa mphesa zikatha cha mu Epulo anthu oterewa amazima foni.