Mitengo ya ku Disney World ikungokwera: kodi nditenge ngongole tipite msanga?

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Manchester, ndipo ndinalonjeza ana anga atatu, a zaka 12, 9 ndi 6, kuti ndidzapita nawo ku Walt Disney World ku Florida. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikusunga ndalama za m'chipereganyu, koma ndikati ndione mitengo ndimapeza yakweranso. Kodi ndingolipira ndi kirediti kadi kuti tipite isanakwerenso? Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, maso anu sakukunamizani. Malowa atatsegulidwa mu 1971, munthu wamkulu ankalowa ndi $3.50, ngakhale kuti masewera okwera a m'katimo ankalipira padera. Mu 2015 tikiti ya tsiku limodzi ku Magic Kingdom, imodzi mwa mapaki a zisangalalo a ku Disney World, inadutsa $100, ndipo kuyambira 2016 kampaniyi imaika mtengo potengera tsiku, kotero kuti masiku amene anthu amachuluka, monga a Khirisimasi, ndiwo amadula kwambiri.

Komabe ngongole ya pakadi sindikuivomereza, ndipo chifukwa chake ndi masamu chabe. Tikiti yodula kwambiri ku Magic Kingdom inali $189 mu 2024 ndipo inafika $199 mu 2025, kusonyeza kuti inakwera ndi pafupifupi 5 pa 100 iliyonse, pamene makadi ambiri a ku Britain amadula chiwongoladzanja choposa 20 pa 100 iliyonse pachaka. Mukakongola pothawa kukwera kwa tikiti, ndalama zimene mwapulumutsa kwa Disney mudzazipereka kangapo ku banki, ulendowo utaiwalika kale koma ngongole ikugogodabe pakhomo mwezi ndi mwezi.

Chimene chimapweteka mabanja ambiri ndi zinthu zimene kale zinali zaulere. Mwayi wodumpha mizere italiitali, umene unkatchedwa FastPass, unathetsedwa mu 2021 ndipo tsopano ndi wolipira, dzina lake Lightning Lane. Basi yaulere imene inkanyamula alendo a mahotela a Disney kuchokera pabwalo la ndege la Orlando nayonso inasiya kuyenda kumayambiriro kwa 2022. Choncho bajeti yanu iyambire pa ndege, malo ogona, mayendedwe, inshuwalansi ndi chakudya, tikiti ibwere pambuyo. Chakudya amalola kulowa nacho, ndipo mayi amene analongedzapo kamba wa paulendo sangavutike nazo zimenezi.

Ena adzakuuzani kuti mupite sukulu zili mkati chifukwa ndi pamene mitengo imatsika. Izi n'zoona, koma ku England kujombetsa mwana popanda chilolezo kumabweretsa chindapusa cha £80 kwa kholo lililonse pa mwana aliyense, ndipo chimafika £160 mukachedwa kulipira. Kumapeto kwa Ogasiti kumakhala bwinoko, pakuti ana ambiri a ku America amakhala atabwerera kusukulu pamene anu akadali patchuthi, ngakhale kutentha kwa ku Florida nthawi imeneyo si kwamasewera. Za mwana wa zaka 9 uja musadandaule nazo kwambiri: akakwanitsa zaka 10 amalipira ngati wamkulu, koma kusiyana kwake ndi madola ochepa patsiku.

Simunanene pasipoti imene muli nayo, ndipo apa ndi pamene nkhani yonse yagona. Ngati ndi ya Malawi kapena ya Zambia, dziwani kuti mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha $5,000 mpaka $15,000 kwa nzika za mayiko awiriwa zofuna viza yokacheza, ndipo pambuyo pake malamulo anakhwimitsidwanso. Musalipire ndege kapena hotela musanafufuze ku ofesi ya kazembe wa America ku London. Zikakanika kumeneko, Disneyland Paris ili pafupi ndipo imangofuna viza ya Schengen yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, pamene ku Alton Towers, paki ya zisangalalo ya ku Staffordshire ku England komweko, mungapite m'mawa n'kubwerera kudzagona kwanu.