Shuga ya amuna anu mwina si ija ya aliyense

Mayi wina wa ku Katete wanditumizira imelo, ati amuna awo anagonekedwa chaka chatha ndi kapamba (pancreas) wotupa, manje apezeka ndi shuga, mapiritsi a shuga a metformin akumwa koma thupi likungotha, ndiye mnzawo wawauza kuti akapimitse C-peptide, mpimo wa magazi woonetsa insulini yomwe thupi likupanga. Akufunsa ngati magazi angaonetse kuti shuga iyi yachokera ku kapamba.

Angaonetse mayi, koma osati ndi mpimo umodzi. Ndipo imelo yanuyi yandikhudza chifukwa ndi nkhani ya amalume anga ndendende.

Amalume anali mlimi wa fodya cha ku Chiparamba, munthu wamphamvu, wonyamula thumba la feteleza ngati palibe kanthu, koma kachasu ndiye anali mnzawo wa pamtima, kenako kunabwera tujilijili, tumowa ta m'tumapaketi tuja boma linaletsa mu 2012, thumba la malaya silinkasowa kamodzi. Mimba inayamba kuwapweteka apa pamwamba pa mchombo, ululu wopyoza mpaka kumsana, akadya nyama ya mafuta ndiye basi, amakhala pa mpando atawerama, chifuwa pa maondo, ati ndi pomwe pamapepukako. Tonse tinkati ndi zilonda zam'mimba. Patapita zaka shuga inatulukira, pa kiliniki ina anangoyang'ana msinkhu nkulemba type 2, shuga ija ya aliyense, mapiritsi m'manja, pitani muchepetse nsima. Munthu woonda kale nthiti zowerengeka mukumuuza achepetse nsima! Amene anaona chenicheni ndi azakhali, akazi awo, ndi omwe ananong'oneza amayi kuti chimbudzi cha bambo wa kunyumba ndi choyererako, chonyezimira mafuta, fungo lake loti ungathawe, ndipo pa toileti ya madzi kwathu ku Kapata chinkangoyandama olo ugujumule kangati. Palibe anawafunsa zimenezo kuchipatala, ndipo munthu wamkulu wachichewa sangayambe yekha kukamba za kuchimbudzi pamaso pa nesi wa msinkhu wa mwana wake.

Atawasinthira ku jakisoni wa insulini zinafika poopsa. M'mawa shuga ili kumwamba, masana awapeza kumunda atagwa, thukuta lozizira, akulankhula zosamveka, anthu nkumati aledzera. Anali asanamwe olo dontho.

Apa ndi pomwe pali nkhani ya mahomoni. Kapamba, uja madokotala amati pancreas, ali kuseri kwa chifu ndipo ali ndi ntchito ziwiri: kutulutsa madzi ogaya chakudya, makamaka mafuta, ndi kupanga mahomoni. Insulini imatsitsa shuga, glucagon imaikweza ikatsika kwambiri, ndiye pali kena kosatchuka, pancreatic polypeptide, kamatuluka munthu akangodya. Mu type 1 asilikali a thupi amapha maselo a insulini okha. Mu type 2 insulini poyamba imakhalapo, nthawi zina yambiri, koma thupi silikuimvera. Koma kapamba akawonongeka ndi kutupatupa, khansa, kapena kudulidwa pa opaleshoni, zonse zimapita pamodzi, insulini, glucagon, polypeptide, ndi madzi ogayira omwe. Iyi ndiyo amati type 3c. Amalume analibe glucagon yokwanira, so kuwabaya insulini kunali ngati kutsika phiri la Kanjala pa njinga yopanda mabuleki. Onjezani kuti chakudya sichinkagayika bwino, lero chalowa m'magazi mawa changodutsa.

Ndipo musaganize kuti ndi vuto la kuno chabe. Ku England mu 2017 ofufuza anaunika mafaelo a odwala nkupeza kuti mwa anthu omwe shuga inabwera pambuyo pa matenda a kapamba, pafupifupi 9 mwa 10 alionse analembedwa type 2. Kumene makina ali mbwee! Ine ndiye ndimati vuto si makina, vuto ndi kusafunsa. Mzere wa odwala shuga ndi wautali, ndikudziwa, nesi mmodzi anthu mpaka panja, koma funso loti munadwalapo kapamba, chimbudzi chimaoneka bwanji, silitenga olo miniti. Munthu woonda wa shuga amene ali ndi mbiri ya kupweteka m'mimba sayenera kutuluka ndi chidindo cha type 2 asanaunikidwe kapamba, apa ine sindisuntha.

Komanso tisathamangire kuloza zala kuti ndi mowa. Fodya wosuta amawononganso kapamba, miyala ya mu ndulu imatha kumutupitsa, ndipo m'maiko otentha muli mtundu wina wa matenda a kapamba wogwira achinyamata osamwa nkomwe, kapamba amadzaza timiyala, unalembedwa ku Indonesia mu 1959 ndi ku Uganda mu 1960, ku Kerala ku India ndiye ndi wodziwika kwambiri. Kwa zaka anthu ankanamizira chinangwa koma umboni sunagwire, so musataye chinangwa chanu. Chaka cha 2025 bungwe la International Diabetes Federation linavomerezanso type 5, shuga ya anthu omwe anakula ndi njala, nawonso oonda, nawonso insulini yochepa. Mwaona kuti C-peptide yotsika payokha ikhoza kuloza mbali zingapo.

Nanga mukapimitse chiyani

C-peptide imatuluka limodzi ndi insulini ya thupi mulingo wofanana, ndipo mu insulini ya jakisoni mulibe, ndiye imaonetsa zomwe kapamba akupanga yekha. Ikakhala yokwera, zikupendekera ku type 2. Ikatsika, ikhoza kukhala type 1, type 3c, type 5, kapena type 2 yokhalitsa. Aipime pamodzi ndi shuga ya nthawi yomweyo, ndipo impso zikakhala zofooka imaoneka yokwera monama. Kuti achotse type 1 amayang'ana ma antibody, zizindikiro za asilikali a thupi aja, monga GAD65, mu 3c sapezeka. Chosiyanitsa bwino ndi type 2 ndi polypeptide uja, munthu amamwa chakudya chapadera nkumupima, mu type 2 amakwera, mu 3c amangoti zii, koma uwu si mpimo wa tsiku ndi tsiku, umachitika m'malabu apadera ndi m'kafukufuku, musagulitse mbuzi poufunafuna.

Zofikirika ndi izi. Tengani mapepala a chaka chatha aja mupite nawo kwa dokotala, kaya ku St Francis komweko kapena ku Chipata Central, munene poyera za kapamba, za kuonda ndi za chimbudzi, ngati amuna anu akuchita manyazi nenani inu. Pemphani sikani ya m'mimba, timiyala nthawi zina timaoneka olo pa X-ray wamba. Funsani ngati angatumize C-peptide ndi mpimo wa chimbudzi wa elastase ku Lusaka, elastase yochepera 200 imasonyeza kuti madzi ogayira achepa, ndipo pali makapisozi ake omwera pa chakudya monga Creon. Ngati apitirira zaka 50, shuga yatsopano ndi kuonda msanga zimafuna kuti khansa ya kapamba aifufuzenso. Metformin asasiye okha dokotala asananene, mowa ndi fodya zithe lero, ndipo akawayambitsa insulini masiwiti asasowe m'thumba, aneba ndi anzawo a kuntchito adziwe kuti akagwa si kuledzera.