Fuel rail ya M52 ikakana kukhala pa manifold ya M50

M'bale wina wokhala ku Johannesburg wandilembera imelo. Ali ndi BMW 328i ya E36, injini ya M52 ya malita 2.8, ndipo wagula intake manifold (chipangizo cholowetsa mpweya mu injini) ya injini ya M50 yochokera mu 325i. Poyesa kumanga wapeza kuti mabowo a mabawuti a fuel rail (payipi yachitsulo yogawira petulo ku ma injector, omwe amapopera petuloyo mu injini) sakukumana ndi a manifold. Akufunsa ngati angadule timiyendo ta rail n'kutiwotcherera pamalo ena, kapena kungoimanga ndi waya.

Achimwene, zonse ziwirizo musachite.

Nzeru yosintha manifold ndi yabwino. Ya M50 ili ndi njira za mpweya zazikulu kuposa ya M52, choncho injini imapuma bwino ikakwera marevu, ngakhale pa marevu otsika kamphamvu kamachepako pang'ono. Ambiri a 328i anachitapo zimenezi. Koma rail si chitsulo wamba. M'kati mwake mumakhala petulo wopanikizika kufika pa 3.5 bar, ndipo ntchito yake ina ndi kukanikiza ma injector onse 6 kuti akhale mowongoka, mutu uli mu rail, mlomo uli mu manifold. Chotchinga petulo pamenepo ndi timarabala ta O-ring basi. Rail ikapendekeka pang'ono chabe, rabala ya m'mwamba imadonthetsa petulo, ya m'munsi imalowetsa mpweya wakuba ndipo injini imayamba kunjenjemera pa idle, pomwe ikungolira osaponda mafuta. Kuwotcherera kumapinditsa chitsulo ndi kutentha, komanso kumasiya zinyenyeswa m'kati zomwe zimakatseka ma injector. Waya amamasuka ndi kugwedezeka kwa injini. Ndipo kumbukirani kuti sitata ya injini imeneyi ili pansi pa manifold pomwepo, ndi chingwe chake chochokera ku batire. Petulo akadonthera pamenepo, galimoto ikhoza kupsa muli m'katimo.

Rail muisiye momwe ilili, mupange mabulaketi olumikiza mabowo ake ndi a manifold. Ma kit ogulitsidwa a ntchito imeneyi amabwera nawo kale, koma munthu wodziwa kudula ndi kuboola chitsulo angakupangireni ndi chitsulo chokhuthala bwino. Chinsinsi chagona pa kuyeza. Yambani mwalowetsa ma injector mu manifold ndi mu rail mpaka onse akhale pansi mofanana, tiklipu tawo tili m'malo, kenako ndiye muyeze mpata wotsalawo. Bulaketi itsatire pomwe rail yakhala yokha. Mukaona kuti bawuti ikukoka rail kuti ifike, bulaketiyo ndi yolakwika, panganinso ina.

Ma O-ring gulani atsopano onse 12, muwapake mafuta a injini oyera polowetsa. Akalewo anauma, galimotozi ndi za m'ma 1990. Musanamasule payipi iliyonse, chotsani fyuzi ya pampu ya petulo, lizani injini mpaka izime yokha, kenako chotsani batire. Kapayipi ka vacuum (kokoka mpweya) kopita ku regulator, yomwe imalamulira kupanikizika kwa petulo, kabwerere pa manifold, anthu amakaiwala kawirikawiri.

Mukamaliza kumanga, musathamangire kuliza. Bwezerani fyuzi ndi batire, yendetsani pampu yokha injini ili chete, mupititse pepala louma pa injector iliyonse ndi polumikiza mapayipi. Likanyowa kapena mukamva fungo la petulo, masulani muyambirenso. Likakhala louma, lizani, muyang'anenso injini itatentha, chozimitsira moto chili pafupi. Za idle valve (yolamulira mpweya wa pa idle) ndi oil separator (yolekanitsa mafuta ndi nthunzi ya m'injini), zomwe nazonso zimafuna malo atsopano pa manifold ya M50, nditumizireni zithunzi mukafikapo.