Mwana wanga wonenepa amatha mpweya pampira, kodi ndimuletse?

Funso: Adokotala, mwana wanga wamwamuna wa zaka 11 ndi wonenepa kwambiri. Akathamanga pang'ono amapuma mwawefuwefu, mtima n'kumagunda mwamphamvu, ndipo amachedwa kupezanso bwino. Agogo ake akuti thupi lotere ndi lathanzi, ndingomuletsa mpira basi. Nditani? Mayi wa ku Lilongwe

Yankho: Mayi, mpira musamuletse, koma mupite naye kuchipatala akamuyeze BP.

Thupi likakula ndi mafuta, magazi ofunika kuzungulira amachuluka, ndiye mtima umagwira ntchito yaikulu ngakhale mwana atangokhala pansi. N'chifukwa chake ana onenepa kwambiri nthawi zambiri amakhala ndi BP yokwererapo kuposa anzawo. Mwana aliyense akamathamanga BP imakwera, zimenezo n'zachibadwa, koma mwa wonenepa imakwera mopitirira chifukwa mitsempha yake siitanuka bwino. Akaima, mtima umachedwa kubwerera pa kagundidwe ka masiku onse. Ndi zomwe mukuonazo. Zikapitirira zaka zambiri, mnofu wa mbali ya kumanzere kwa mtima umakhuthala, ndipo BP yoyamba paubwana imakonda kumutsatira munthu mpaka kukula.

Poyeza, onetsetsani kuti lamba womanga pamkono ndi womukwana. Lamba wamng'ono pamkono waukulu amaonetsa BP yokwera pamene ili bwinobwino, ndipo zimenezi zimachititsa makolo mantha pachabe. Kuyeza kamodzi sikukwanira, ayezedwe maulendo atatu masiku osiyana. Kwa mwana wa zaka 13 kupita m'tsogolo, 130/80 kapena kuposa ndi BP yokwera. Wanuyu adzamuyerekeza ndi ana a zaka ndi msinkhu wake. Auzeninso adokotala ngati amaliza mkonono usiku, chifukwa kubanika m'tulo kumakweza BP. Amuonenso ngati ali ndi mphumu kapena magazi ochepa, popeza nazonso zimathetsa mpweya.

Pali zizindikiro zimene sindifuna muzengereze nazo: kupweteka pachifuwa akamathamanga, kukomoka kapena chizungulire, mtima kugunda modumphadumpha, kapena ngati pamtundu panu wina adafa mwadzidzidzi ali wachinyamata. Pamenepo ayambe waima masewera mpaka atapimidwa mtima.

Ngati palibe zimenezi, azisewera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa masewera a mphindi 60 tsiku lililonse kwa ana a zaka 5 mpaka 17, ndipo masewera amathandiza mtima ndi mitsempha ngakhale sikelo isanasinthe. Ayambe pang'onopang'ono, kuyenda ndawala, njinga, mpira wa nthawi yochepa n'kumapumira. Zakumwa za shuga, tchipisi ndi mandasi zichepe, mchere nawonso, ndipo zisinthe kwa banja lonse kuti iye asaone ngati akulangidwa. Musamumane chakudya kapena kumunyoza ndi thupi lake, mwana wonyozedwa amathawa bwalo. Agogowo muwatenge popita kuchipatala, akamve okha.