Funsani Dokotala: jakisoni wa miyezi 6, impso za nkhumba ndi malovu a buluzi

Mafunso ambiri sabata ino akuchokera pa zomwe mwakhala mukuziona pa foni, nkhani za asayansi zija. Ndasankhapo atatu.

Funso: Adokotala ndamva kuti kwatuluka katemera wa HIV, eti ukangobayitsa kawiri pachaka basi sungatenge kachilombo. Nanga ife amene tili kale pa ma ARV tisiye kumwa tikabayitse? Mayi wina.

Yankho: Amayi chonde ma ARV anuwo musasiye, olo tsiku limodzi. Chomwe mwamvacho chilipodi koma sikatemera, komanso sichichiza HIV. Dzina lake ndi lenacapavir, anapanga ndi kampani ya ku America yotchedwa Gilead, ndipo ndi PrEP basi, ija anthu amamwa mapilitsi tsiku lililonse kuti asatenge kachilombo, kungoti iyi amabaya pansi pa khungu, kawirikawiri pamimba, nde mankhwalawo amakhala pamenepo nkumasungunuka pang'onopang'ono mpaka miyezi 6. Katemera amaphunzitsa thupi kumenya lokha nkhondo, koma uyu saphunzitsa kanthu, mankhwala akatha mthupi chitetezo chathanso.

Chimene chinachititsa kuti dziko lonse lilankhule ndi kafukufuku wa 2024 ku South Africa ndi Uganda. Atsikana ndi amayi achichepere oposa 5,000 analowa nawo, ndipo mwa 2,134 amene anabayidwa jakisoniyu palibe ndi mmodzi yemwe anatenga kachilombo pofika nthawi imene zotsatirazo zinalengezedwa. Ine nditawerenga koyamba ndinabwerezanso ndimvekere mwina ndaona molakwika, chifukwa mu zachipatala ziro sitimupeza wamba. America inavomereza mu June 2025, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO nalo linalimbikitsa mayiko kuugwiritsa ntchito mwezi wotsatira.

Mmene amagwirira ntchito ndi zosangalatsa. Kachilombo ka HIV kali ndi kachikhokho kamene kamasunga zamkati mwake, nde lenacapavir amakakamira pa kachikhokhoko nkukasokoneza, kakalowa mu selo kamalephera kutseguka bwinobwino ndipo tatsopano timatuluka topunduka.

Koma pali zoti mudziwe. Munthu ayenera kuyezetsa kaye ndikupezeka alibe kachilombo, ndipo amayezanso nthawi iliyonse asanabaye. Ukabayitsa uli nako kale osadziwa, mankhwala amodzi okhawa sangakwanitse kukagonjetsa, kamangozolowera nkuyamba kupima. Pamalo pobayapo ambiri pamatuluka kachotupa kolimba ngati kamwala, ukagwira umakamva, ena kamawakhalitsa miyezi, sikoopsa. Ndipo chindoko, chinzonono ndi mimba jakisoniyu alibe nazo ntchito. Kwa amene ali nako kale ngati inu amayi, lenacapavir amaperekedwa kwa okhawo amene kachilombo kawo kakana mankhwala ambiri, ndiponso amaphatikiza ndi ena, sikuti amalowa mmalo mwa zonse. Ngati ma ARV anu akugwira ntchito pitirizani momwemo.

Funso: Bambo anga ali pa makina osefa magazi chifukwa impso zinasiya kugwira ntchito. Ndaona kuti kunja akuika anthu impso za nkhumba, ndi zoona? Munthu sayamba kuchita zaunkhumba? Mnyamata wina.

Yankho: Achimwene pepani ndi matenda a bambo, dayalisisi, kusefa magazi pa makinako, imatopetsa wodwala ndi omusamala omwe. Zoona zake nzakuti zachitikadi, mu March 2024 ku Boston madokotala anaika impso ya nkhumba mwa bambo wa zaka 62 ndipo inayamba kupanga mkodzo. Anamwalira patatha pafupifupi miyezi iwiri, achipatala anati sanaone chosonyeza kuti impsoyo ndi imene inawapha. Mayi wina ku New York anakhala nayo masiku 130 kenako thupi linayamba kuikana nde anaichotsa nkubwerera pa makina.

Sinkhumba wamba ayi. Maselo a nkhumba ali ndi kashuga kena pamwamba pake kamene thupi la munthu likangokaona limalusa, impso imatha kuda nkufa mmaola ochepa chabe, nde asayansi amayamba asintha DNA ya nkhumbayo, ya ku Boston ija anaisintha malo 69, kuchotsa kashugako, kuikamo tizidutswa ta munthu komanso kuzimitsa mavayirasi obisala mu DNA ya nkhumba. Anasankha nkhumba chifukwa ziwalo zake kukula kwake nkofanana ndi zathu komanso imaswana msanga.

Za kuchita zaunkhumbazo iwalani kkkk, impso ndi sefa chabe, khalidwe la munthu silikhala mmenemo. Paja kwa zaka zambirimbiri anthu a shuga ankabaya insulini wochokera ku nkhumba, enanso akuyenda ndi mavalavu a mtima a nkhumba, palibe analira ngati nkhumba. Kungoti zonsezi zikadali pa kafukufuku, odwala ake ndi owerengeka, nde bambo asadumphe tsiku la dayalisisi podikira zimenezi. Afunseni adokotala awo ngati angayenere kulandira impso ya wachibale, imeneyo nde njira yodziwika ndipo wopereka amakhala bwinobwino ndi impso imodzi.

Funso: Jakisoni wochepetsa thupi uja akuti amapanga ndi malovu a buluzi, ine zandinyansa. Mtsikana wina.

Yankho: Achemwali theka ndi zoona. Kuzipululu za kummwera chakumadzulo kwa America ndi Mexico kuli buluzi waululu wotchedwa Gila monster, amadya kangapo kokha pachaka. Dokotala wina dzina lake John Eng anapeza mu ululu wa mmalovu ake chinthu chofanana ndi homoni yathu ya mmatumbo yotchedwa GLP-1, imene imathandiza kutsitsa shuga ndikuuza ubongo kuti wakhuta. Yathuyo imatha pa mphindi zochepa, ya buluziyo imakhala maola. Mankhwala a shuga oyamba a mtunduwu, exenatide, otengera chinthu cha buluzi chija, anavomerezedwa mu 2005 ndipo amapangidwa mu labotale, palibe amene amakama buluzi. Jakisoni amene mukunenayo, monga wotchedwa Ozempic, anatengera homoni ya munthu, buluzi mulibemo. Choti muope ndi kugula pa intaneti popanda dokotala, abodza achuluka, ndipo ngakhale weniweniyo amachititsa nseru ndi kusanza, ukasiya kubaya thupi limayambanso kubwerera.